Momwe mungakonzere gulupu ya pa WhatsApp yokuthandizani kukhoza MSCE

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ophunzira a sekondale omwe anali ndi mwayi wa foni anayamba kufunsana mafunso ndi kutumizirana manotsi pa WhatsApp. Sukulu zinatsegulidwanso, koma magulupu aja sanathe, ndipo atsopano akubadwabe teremu iliyonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa magulupuwa ndi nkhokwe chabe ya mafayilo. Wina aponyamo manotsi a Bayoloje a masamba 200, anthu ayankha ndi chithunzi cha chala chachikulu, basi nkhani yathera pomwepo. Foni yadzaza, bandulo yatha, m'mutu simunalowe kanthu.

Gulupu imathandiza pokhapokha ikamakukakamizani kugwira cholembera, kulemba yankho m'kope, n'kulionetsa kwa wina woti akuuzeni pomwe mwalakwitsa. Malangizo onse ali m'munsimu cholinga chake ndi chimenecho.

Yambani ndi nkhani ya foni

Musanatsegule gulupu, dziwani kuti aliyense adzagwiritsa ntchito foni ya ndani komanso nthawi yanji. Ophunzira ambiri a m'masukulu oyendera amabwereka foni ya amayi, abambo kapena achimwene, ndipo foniyo imakhala kumsika kapena kuntchito tsiku lonse. Kapempheni mwaulemu ndipo tchulani nthawi yeniyeni: "Amayi, ndimapempha foni kuyambira 7 koloko mpaka 8 koloko madzulo, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Gulupu yake ndi iyi, mutha kumaonamo zomwe tikulemba." Kholo lomwe laloledwa kusuzumiramo silivuta kubwereketsa foni, ndipo tsiku lina lingakuguleninso bandulo. Mukayamba kubisa, mudzalandidwa foniyo mayeso ali pafupi.

Ngati muli pa sukulu yogonera komweko yomwe malamulo ake saloleza foni, musazembetse. Kubwezedwa kunyumba muli Fomu 4 n'kutaya kwakukulu kuposa chilichonse chomwe gulupu ingakupatseni. Yanu ikhale gulupu ya pa holide, ndipo yogwira ntchito molimba masabata ochepa amenewo.

Sankhani anthu ochepa

WhatsApp imalola anthu 1,024 m'gulupu imodzi. Inu musapitirire khumi. Pa anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu aliyense amaonekera. Yemwe sanatumize ntchito yake amadziwika, ndipo manyazi pang'ono amenewo ndi omwe amachititsa munthu kutsegula kope. M'gulupu ya anthu 300 mumalankhula anthu asanu okhaokha, ena onse n'kumangoonerera.

Musasankhe chifukwa cha chinzake chokha. Pezani wina amene Masamu amamuyendera, wina wa Chingerezi, wina wa Fizikisi kapena Kemisitiri, ndipo musawasiye omwe akuvutika, chifukwa wofotokozera mnzake ndi amene amamvetsa kawiri. Gwirizanani maphunziro awiri kapena atatu basi. Kumbukirani mmene MANEB imawerengera: mapointi a MSCE amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwakhoza bwino, ndipo Chingerezi chiyenera kukhalapo. Giredi 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 9 ndiye kulephera. Munthu akhoza kuwala m'masayansi onse, koma Chingerezi chikamugwetsa satifiketi palibe. Choncho Chingerezi chikhale ndi tsiku lakelake, ngakhale nonse mukuona ngati mumachitha.

Tchingirani gulupuyo tsiku loyamba lomwelo

Maadimini akhale awiri, kuti wina foni ikamuthera moto kapena ikawonongeka ntchito isaime. Dinani dzina la gulupu pamwamba, lowani pa Group permissions, ndipo chitani izi. Tsekani Edit group settings kuti anthu asamasinthe dzina ndi chithunzi mwachisawawa. Tsekani Add other members kuti wolowetsa anthu akhale adimini yekha. Yatsani Approve new members kuti aliyense wobwera kudzera pa linki adikire chilolezo. Linkiyo ikafalikira kwa anthu osawadziwa, pali Reset link. Yakaleyo imafa nthawi yomweyo.

Kenako lembani malamulo, afupiafupi, muwaike pa malo ofotokozera gulupu. Anayi akwana: muno ndi mwa sukulu basi, nthawi yokumana ndi yakuti, wosatumiza ntchito katatu motsatizana popanda chifukwa atuluka, palibe kuseka yankho la munthu. Lamulo lomalizali ndi lomwe limasunga gulupu. Mtsikana kapena mnyamata akasekedwa kamodzi chifukwa cholakwitsa, sadzatumizanso, ndipo amene amafunikira thandizo kwambiri ndi yemweyo.

Nkhani za mpira, nthabwala ndi mauthenga a "tumizani kwa anthu khumi mulandire madalitso" zitsegulireni gulupu ina. Sindikunena kuti musamacheze. Ndikunena kuti funso la Kemisitiri lisamakwiririke pansi pa mkangano wa Bullets ndi Wanderers.

Tetezani bandulo

Aliyense achite izi pa foni yake. Lowani pa Settings, kenako Storage and data, mupeze Media auto-download. Pa When using mobile data chotsani zonse: zithunzi, mawu, mavidiyo ndi madokyumenti. Mukatero mafayilo amenewa sadzalowa m'foni musanawadine nokha, kupatula mauthenga a mawu ojambulidwa pa WhatsApp pomwepo omwe amalowa okha, ndipo kukula kwa fayilo kumaoneka musanaitsitse. Pomwepo palinso Use less data for calls, yatsani.

Bandulo ya WhatsApp yokha, kaya ya Airtel kaya ya TNM, imatsika mtengo poyerekeza ndi ya intaneti yonse, koma dziwani kuti siitsegula malinki opita kunja monga a YouTube. Ndiye wotumiza linki alembe mwachidule zomwe zili mmenemo, kuti yemwe sangathe kuitsegula asatsalire. Kuimbirana pa vidiyo kusiyeni, kumadya kwambiri, ndipo kumene netiweki imavuta theka la nthawi limathera pa "mukundimva?" Mbava yaikulu ya bandulo ndi masitetasi a anzanu. Mwalowa kuti muone funso la Masamu, mwapezeka mwaonera mavidiyo asanu ndi awiri a ukwati wa munthu wosamudziwa n'komwe.

Chinanso: gwiritsani ntchito WhatsApp yeniyeni. Zija zosinthidwa monga GB WhatsApp zimakopa ndi zokometsera zake, koma kampani imatha kutseka nambala yozigwiritsa ntchito, ndipo ngati nambalayo ndi ya amayi mudzakhala ndi mlandu kunyumba.

Mmene ola lophunzira liyenera kuyendera

Apa ndiye pagona nkhani. Tsiku lililonse lokumana likhale ndi mwini wake, ndipo muzisinthana. Mwini tsiku amasankha mafunso awiri kapena atatu kuchokera m'mapepala a mayeso a MANEB a zaka zam'mbuyo, pa mutu womwe mwaphunzira kale m'kalasi. Amayamba wawayankha yekha, ndipo ngati akukayika amakafunsa aphunzitsi masana.

Nthawi ikakwana amatumiza mafunsowo n'kunena kuti, "Mphindi 20, yambani." Ngati ndi adimini atseke Send messages kuti pasakhale wolankhula. Wina aliyense aike foni chafufumimba, atenge kope ndi cholembera, alembe. Osatsegula buku, osafunsa Google, osafunsa mapulogalamu oyankha mafunso aja. M'chipinda cha mayeso simudzakhala zimenezo, ndipo chomwe mukufuna kudziwa usiku uno ndi chomwe chili m'mutu mwanu panopa.

Mphindi zikatha gulupu itsegulidwe, aliyense ajambule tsamba lake atumize, ngakhale sanamalize. Yankho lolondola lisatuluke onse asanatumize. Likatuluka msanga, ochedwa aja amangokopera n'kudzinamiza kuti akanalipeza.

Kenako kuchongerana. Gwirizanani mndandanda woti woyamba achonge za wachiwiri, wachiwiri za wachitatu, mpaka womaliza achonge za woyamba. Wochonga agwiritse ntchito Reply pa chithunzi chenichenicho kuti zisasokonekere, ndipo aloze mzere womwe zinthu zapotokera. Tiyerekeze funso linali lakuti pezani x mu x² − 5x + 6 = 0. Mnzanu walemba bwinobwino (x − 2)(x − 3) = 0, koma pomaliza waika x = −2 ndi x = −3. Kungomulembera "walakwa" sikumuthandiza. Mulembereni chonchi: "Mzere wachiwiri uli bwino. Wachitatu taonanso: ngati x − 2 = 0, x ndi chiyani? Bwezera −2 wakoyo m'funso uone ngati ukupeza ziro." Akabwezera apeza 4 + 10 + 6, yomwe ndi 20, ndipo adziwonera yekha kuti mayankho ndi 2 ndi 3. Cholakwa chomwe munthu wachigwira ndi dzanja lake sachibwereza kawirikawiri. Ndiponso waphunzira kuyesa yankho lake, chomwe chidzamupulumutse tsiku la mayeso pomwe palibe womufunsa.

Pa Chingerezi njira ndi yomweyo, koma musalembe chimangirizo chonse usiku umodzi. Lero ndime yoyamba yokha, kapena chidule cha nkhani ya m'pepala lakale m'mawu owerengeka monga funso lanenera. Wochonga awerenge mawuwo mmodzimmodzi, aone nthawi za aneni ndi kalembedwe ka mawu. Ndipo pa tsiku la Chingerezi zokambirana zonse zikhale m'ziganizo zathunthu. Chizolowezi cholemba "u" ndi "bcoz" chimatsatira munthu mpaka pa pepala la mayeso osazindikira. Pa tsiku la Chichewa chimodzimodzi: malamulo a kalembedwe atsatidwe, mawu osadulidwa mwachisawawa.

Mphindi khumi zomaliza mwini tsiku atumize yankho lonse lolembedwa bwino, aliyense alikopere m'kope lake pansi pa zomwe analemba. Musadumphe gawo ili. Foni ikhoza kubedwa, kugwera m'madzi kapena mwini wake kufufuta zonse kuti apeze malo a zithunzi. Kope silifuna kutchaja.

Ola limodzi lakwana. Mukapitirira anthu amayamba kugwa mphwayi, ndipo eni foni ayamba kuifuna.

Nanga magetsi akathima kapena netiweki ikasowa? Ikani lamulo loti yemwe waphonya atumize ntchito yake lisanafike tsiku lokumana lotsatira, ndipo alembe asanawerenge mayankho a anzake. Apa palibe angamulondere, ndi chikumbumtima chake basi. Pa masiku okumana tchajani foni masana, kaya pa sola kaya kwa otchajitsa pamsika.

Zithunzi ndi mauthenga a mawu

Theka la mikangano ya m'magulupu limachokera pa zithunzi zosaoneka. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu. Ikani kope pa tebulo kapena pansi, foni ikhale pamwamba pake mowongoka, osati chammbali. Kuwala kuchokere kutsogolo kapena m'mbali kuti mthunzi wa dzanja lanu usagwere pa tsamba. Usiku, mnzanu kapena mng'ono wanu akuunikireni ndi tochi chapatali pang'ono, chifukwa fulashi imachititsa pakati pa pepala kuyera mbee, zolemba osaonekanso. Lembani ndi cholembera chakuda kapena chabuluu. Pensulo siioneka bwino pa chithunzi. Tsamba limodzi, chithunzi chimodzi, ndipo dulani m'mbali musanatumize. Pansi pa chithunzi lembani phunziro, mutu ndi nambala ya funso, mwachitsanzo "Masamu, quadratic equations, funso 2". Mawu amenewo ndi omwe adzakuthandizeni kuchipeza ndi Search patapita miyezi itatu.

Uthenga wa mawu ndi wabwino pofotokoza chinthu chomwe chavuta, monga kusiyana kwa osmosis ndi diffusion. Fotokozani m'Chichewa kuti chimveke, koma mawu a sayansiwo atchuleni m'Chingerezi monga adzabwerere pa mayeso, kenako lembani tanthauzo lake m'chiganizo chimodzi cha Chingerezi. Uthenga usapitirire mphindi ziwiri. Wa mphindi zisanu ndi zinayi palibe amaumvera mpaka kumapeto, ngakhale onse anene kuti amva.

Ndondomeko ya sabata ikhomeni pamwamba ndi Pin, yomwe imatha kukhala masiku 30. Mayankho ofunika aikeni Star. Posankha mutu wa sabata yamawa gwiritsani ntchito Poll, yoponyera mavoti, mmalo mokangana mauthenga makumi asanu.

Musakhulupirire manotsi alionse

Manotsi oyendayenda pa WhatsApp ambiri alibe dzina la wolemba. Ena ndi a silabasi yakale, ena ndi a mayiko ena monga Kenya kapena Zambia komwe mitu ndi kafunsidwe zimasiyana ndi zathu, ndipo ena ali ndi zolakwika zomwe zakoperedwa kuchoka foni ina kupita ina. Musanawononge sabata pa fayilo, yerekezani mitu yake ndi silabasi komanso buku lomwe mukugwiritsa ntchito kusukulu. Zikasemphana, tsatirani buku ndipo kafunseni aphunzitsi. Mayankho olembedwa ndi mapulogalamu a pa intaneti nawonso ayeseni chimodzimodzi, chifukwa amatha kulakwitsa molimba mtima.

Aphunzitsi akavomera kulowa m'gulupu ndi mwayi, koma musawayese kapolo. Sonkhanitsani mafunso omwe akukanikani nonse, mmodzi awatumize kamodzi pa sabata mwaulemu: "Madamu, pepani, mafunso awiri awa tayesa tonse koma tasiyana mayankho. Mukapeza mpata mutithandize." Osawaimbira usiku. Ndipo zonse za sukulu zikambidwe m'gulupu momwe aliyense akuona. Izi zimateteza wophunzira, zimatetezanso mbiri ya mphunzitsi.

Ngati mafayilo akuchulukirani, pulogalamu ina yotumizirana mauthenga ya Telegram imasunga zinthu pa intaneti moti wolowa mochedwa amatha kupeza zakale, ndipo simukakamizika kusunga zonse m'foni. Kungoti bandulo ya WhatsApp siigwira kumeneko, choncho ambiri amangoisiya ngati mosungira mapepala akale.

Mnzanu wopanda foni

M'kalasi iliyonse alipo, makamaka m'masukulu a CDSS akumudzi. Aliyense wa m'gulupu atenge mnzake mmodzi wotere. Mafunso a usiku amukopere pa pepala m'mawa, alembe pa nthawi yopuma, ndipo tsamba lake lijambulidwe litumizidwe kuti lichongedwe ngati la wina aliyense. Okhala moyandikana atha kukhalira foni imodzi awiri kapena atatu, n'kusonkherana ya bandulo.

Likasa ndi akuba

Mayeso akayandikira mudzayamba kulandira mauthenga ochokera ku manambala achilendo: ali ndi mapepala enieni a chaka chino, tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Ambiri ndi akuba omwe amangosintha chaka pa pepala lakale. Koma ngakhale litakhala lenileni, kubera mayeso ndi mlandu. MANEB imalanda zotsatira ndipo anthu amamangidwa. Kumbukirani za 2020. Mayeso a MSCE anathetsedwa mu Novembala ali mkati, mapepala ena atapezeka akuyenda m'mafoni a anthu, ndipo ophunzira m'dziko lonse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Wina akaponya zoterezi m'gulupu yanu, adimini afufute uthengawo kwa onse nthawi yomweyo, amuchenjeze, akabwereza amutulutse. Musautumize kwina ngakhale mongofuna kufunsa ngati ndi weniweni, chifukwa mukatero uthengawo wachoka pa nambala yanu.

Kuba kwina n'kwa akaunti. Munthu amakuimbirani kapena kukulemberani kuti akukulowetsani m'kalasi ya pa intaneti kapena m'gulupu ya thandizo la fizi, ndiye mumuuze manambala 6 omwe angobwera pa SMS. Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Mukamupatsa, akulandani akaunti n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Musapatse aliyense, ndipo lero lomwe lowani pa Settings, Account, Two-step verification muike PIN yanu. Ngati foni ndi yobwereka, chitani izi limodzi ndi mwini wake. Pa Privacy, Groups, sankhani My contacts kuti anthu osawadziwa asamakuponyeni m'magulupu awo.

Munthu wamkulu, kaya ndi ndani, akayamba kukutsatirani kumbali ndi mauthenga osakhudza sukulu, kukupemphani zithunzi zanu kapena kukulonjezani bandulo ndi mayunitsi kuti mukumane, jambulani mauthengawo pa sikirini, muonetse kholo kapena mphunzitsi amene mumamukhulupirira, kenako mutsekeni ndi Block. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana. Kuzunza kapena kuopseza munthu pa intaneti ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016.

Miyezi iwiri yomaliza

Mayeso akatsala pafupi sinthani kachitidwe. Loweruka lililonse m'mawa lembani pepala lathunthu, pa nthawi yeniyeni yolembedwa pamwamba pa pepalalo, aliyense kwawo. Adimini atumize pepala, atseke gulupu, adzaitsegule nthawi ikatha. Mukopere mafunso kapena musindikize pepalalo ngati n'kotheka, kuti maso asakhale pa foni pomwe mauthenga ena akulowa. Masana muchongerane, aliyense alembe kumapeto kwa kope lake mitu yomwe yamudyera malikisi. Mitu yomwe yatchulidwa ndi anthu ambiri ndiyo ikhale ntchito ya Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu lotsatira.

Ndandanda ya mayeso ikatuluka, itsimikizeni ndi yomwe yamatidwa kusukulu musanaikhome m'gulupu, chifukwa zabodza nazo zimayenda. Mayeso akayamba, adimini atseke Send messages ndipo azingotumiza chikumbutso cha pepala la mawa, nthawi yake ndi zoyenera kutenga monga chiphaso cha mayeso, kakyuleta ndi zida za Masamu. Zokambirana za pepala lomwe lalembedwa kale zidikire mpaka pepala lomaliza litatha.